Kuponya nangula kuseri kwa chilumba cha mchenga: zimene a maboti amakumana nazo ku Cumberland Island

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, maboti ambirimbiri amatsika ndi gombe la kum'mawa kwa United States kulowera kum'mwera, kuthawa chisanu. Kwa ambiri mwa eni ake, botilo ndiye nyumba: amagona momwemo, kuphika momwemo, ena mpaka kulereramo ana. Malo amodzi amene amakonda kuponyapo nangula ndi kuseri kwa Cumberland Island, chilumba chomaliza cha chigawo cha Georgia munthu asanalowe mu Florida. Pachithunzi malowa amaoneka abata, madzi ali phee, nkhalango ili mphepete. Koma n'komweko kumene maboti amakakamira m'matope masana dzuwa likuswa mtengo, anangula amazuka pakati pa usiku, ndipo a maboti ndi a boma akhala akukokanakokana pa nkhani ya amene ali ndi ufulu woima pati. Zovuta zambiri mwa izi zimachokera pa zinthu ziwiri zokha: mchenga wa kumeneko umayenda, ndipo madzi amakwera ndi kutsika pafupifupi mamita 2 kawiri patsiku.

Chilumba chotchinga gombe n'chotani?

Ndi chilumba cha mchenga, chachitali koma chopapatiza, chimene chagona motsatana ndi gombe. Mbali yake imodzi imayang'ana kunyanja yaikulu ndipo ndiyo imalandira mafunde onse. Mbali inayo imayang'ana kumtunda, ndipo pakati pa chilumbacho ndi mtunda pamakhala madzi osaya, mitsinje yokhotakhota ndi madambo amchere. Mukachidutsa chopingasa kuyambira kunyanja, mumayamba ndi gombe, kenaka milu ya mchenga yomwe yagwiridwa ndi mizu ya udzu, kenaka tchire ndi nkhalango, n'kumalizira dambo la matope. Cumberland ndi yaitali makilomita 28, koma pamalo ena kum'mwera munthu amaidutsa chopingasa pa mphindi 15 zokha.

M'chaka cha 2011, akatswiri awiri, Matthew Stutz ndi Orrin Pilkey, atawerenga pa zithunzi za setilaiti anapeza zilumba za mtunduwu 2,149 padziko lonse. Kuno kwathu zapafupi ndi za pagombe la Mozambique, monga Bazaruto ndi Inhaca.

Za mmene zimapangikira, akatswiri anatsutsana kwa zaka zoposa 100. Mu 1845 Élie de Beaumont wa ku France anati mafunde ndiwo amaunjika mchenga pansi pa madzi mpaka utatulukira pamwamba. Mu 1885 G. K. Gilbert anati chilumba chimayamba ngati kamlomo ka mchenga kotuluka kumtunda, kenaka namondwe n'kukadula. Mu 1967 John Hoyt, yemwe ankafufuza pagombe la Georgia lomweli, anati zilumbazi ndi milu yakale ya mchenga yomwe inatsala payokha nyanja itakwera n'kumiza malo otsika akumbuyo kwake. Lero ambiri amavomereza kuti njira zonse zitatuzi zimachitika, kutengera malo. Cumberland payokha ili ndi mtima wakale kwambiri, wa zaka zikwi makumi angapo, ndipo mchenga watsopano unangodzamatirira kumbali ya kunyanja. N'chifukwa chake ili ndi nkhalango ya mitengo ikuluikulu, pomwe zilumba za Outer Banks ku North Carolina ndi zopyapyala ndiponso zotsika.

Kwa woyendetsa boti, chofunika si mkangano wa akatswiriwo ayi, koma kuti zilumbazi sizikhala malo amodzi. Namondwe wa mu 1846 anatsegula mipata iwiri yatsopano ku Outer Banks, Oregon Inlet ndi Hatteras Inlet, ndipo ilipo mpaka lero. Mu 1999 nsanja younikira sitima ya Cape Hatteras inachita kusunthidwa mamita pafupifupi 880 kulowera kumtunda chifukwa nyanja inali itaifika pakhomo. Ku Cumberland zinthu zinayenda mosiyana: makoma amiyala omwe anayamba kumangidwa mu 1881 pa khomo la mtsinje wa St. Marys anatchinga mchenga, ndipo nsonga ya kum'mwera kwa chilumbachi inakula. Mapu angakhale atsopano bwanji, amakuuzani pomwe mchenga unali tsiku limene anayeza, osati pomwe uli lero.

Njira ya kuseri

Ambiri sayenda panyanja yaikulu. Amadutsa kuseri kwa zilumbazi, munjira yotchedwa Atlantic Intracoastal Waterway, yomwe ndi mitsinje, magombe ndi ngalande zokumba zolumikizana kuchokera ku Norfolk m'chigawo cha Virginia mpaka ku Miami, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,750. Papepala gawo lalikulu la njirayi liyenera kukhala lakuya mamita 3.7, ndipo milatho yake yambiri yosatseguka imasiya mpata wa mamita 19.8 woti mlongoti udutse. Ntchito yokumba matope ili m'manja mwa US Army Corps of Engineers, nthambi ya mainjiniya ya asilikali a dzikolo, koma ndalama zake sizibwera chaka chilichonse. Choncho malo ena a mu Georgia, monga Hell Gate, Little Mud River ndi Jekyll Creek, anatchuka ndi kukwiririka, moti boti lolowa m'madzi mita imodzi ndi theka limadikira madzi akwere lisanayese kudutsa.

Zizindikiro za njira nazo zimasokoneza alendo. Kwa wolowera kum'mwera, zofiira zimakhala kudzanja lamanja, mbali ya kumtunda, ndipo zobiriwira kumanzere. Koma njirayi ikalowa mu ngalande ya sitima zikuluzikulu, mitundu imatsata lamulo la ngalandeyo, loti chofiira chikhale kumanja kwa amene akuchokera kunyanja. Izi zimachitika mu Cumberland Sound momwemo, pafupi ndi Kings Bay: munthu wayenda masiku ambiri zofiira zili kumanja, mwadzidzidzi ziyenera kukhala kumanzere. Chothandiza ndi tizizindikiro tachikasu tomatidwa pa zikwangwanizo. Polowera kum'mwera, kamakona atatu kakhale kumanja kwanu, kamakona anayi kumanzere, mtundu wa chikwangwanicho ukhale uliwonse.

Ku Kings Bay kuli malo a sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Lamulo limati boti lililonse lichepetse liwiro likafika mamita 457 kuchokera pa sitima yankhondo, ndipo lisayandikire kupitirira mamita 91 popanda chilolezo. Wailesi ya VHF ikhale yotsegula pa tchanelo 16, chifukwa sitima ikamatuluka olondera ake amalengeza pamenepo.

Kumpoto kwa chilumbachi kuli St. Andrew Sound, pomwe njira imakukankhirani pafupifupi kunja kunyanja kuti muzungulire mchenga. Mphepo ya kumpoto chakum'mawa ikakumana ndi madzi otuluka, pamabadwa mafunde aafupi, oima chilili, amene amagwedeza boti mpaka mbale kugwa m'makabati. Odziwa amadutsapo madzi akakhala kuti akusintha kolowera, kapena pamene mphepo ndi madzi zikupita mbali imodzi.

Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja

Amene anazolowera nyanja ya Malawi amadziwa madzi okwera ndi kutsika motsata mvula ya chaka. Bwato lomwe mwalisiya pamchenga madzulo mumalipeza pomwepo m'mawa. Nyanja yamchere si choncho. Mphamvu yokoka ya mwezi, mothandizidwa ndi ya dzuwa, imachititsa madzi kudzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi 25, motero nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Gombe la Georgia linapindikira mkati, ndipo kupindikako kumaunjika madzi, n'chifukwa chake kusiyana kwa madzi odzaza ndi akuphwa kumafika mamita 2 kapena kuposa, pomwe ku Miami sikufika n'komwe mita imodzi. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwanso kwambiri.

Madziwo sakwera mofanana ola lililonse. A maboti amawerenga motere: gawani kusiyana konse m'magawo 12. Ola loyamba madzi amasintha ndi gawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lachisanu ndi chimodzi 1. Ngati tsikulo kusiyana ndi mamita 1.8, gawo limodzi ndi masentimita 15. Ndiye kuti pa maola awiri apakati okha madzi amatsika masentimita 90, theka la ulendo wonse, ndipo ndi nthawi yomweyo pamene amathamanga kwambiri m'mitsinje.

Apa ndi pomwe pamachokera lamulo loti malo okayikitsa muwadutse madzi akukwera. Mukagunda pansi madzi akukwera, mungodikira mphindi 20 ndipo adzakunyamulani okha. Mukagunda akutsika, muli ndi mphindi zochepa zobwerera m'mbuyo. Zikakanika, boti la matanga lomwe lili ndi chitsulo cholemera pansi limayamba kupendama mpaka kugona chammbali, ndipo ntchito imatsala ndi yotseka mipope yonse yolowera m'madzi ndi mazenera, kupita ndi nangula kumadzi akuya pa kaboti kakang'ono, n'kudikira maola angapo. Choipitsitsa ndi kugunda pansi madzi atadzaziratu pa tsiku la mwezi wathunthu, chifukwa madzi okwera chomwecho angadzabwerenso patatha milungu iwiri. Dziwaninso kuti ndandanda ya nthawi ya madzi siidziwa za mphepo. Mphepo yamphamvu ya kumadzulo ikaomba masiku awiri imakankhira madzi kunja, ndipo amaphwa kuposa mmene bukhu lanenera.

Nangula, tcheni ndi masamu ake

Malo otchuka oimapo ali pafupi ndi doko la Sea Camp, pakati pa Cumberland ndi kachilumba ka Drum Point, ndipo amalowera kuchokera kum'mwera. Ena amakonda mtsinje wa Brickhill pafupi ndi nyumba ya Plum Orchard, womwe ndi wopapatiza koma wobisika ku mphepo. Konseku pansi ndi matope ndi mchenga, ndipo madzi amasintha kolowera kanayi patsiku.

Nangula sagwira chifukwa cha kulemera kwake. Amagwira chifukwa wakumba n'kudzikwirira, ndipo amatero pokhapokha akamakokedwa chogona, motsata nthaka. Akakokedwa chokweza amazuka, ndiponso ndi mmene mumamuzulira pochoka. Ndiye chinsinsi chonse chili pa kutalika kwa tcheni. Kawirikawiri amatulutsa tcheni wotalika kasanu kuposa kuya kwa madzi, ndipo kasanu ndi kawiri ngati kukubwera mphepo kapena ngati chambiri ndi chingwe osati tcheni.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa kuya kumene akuwerengera. Tiyerekeze kuti mwafika madzi ataphwa, makina akuonetsa mamita 3. Mukangochulukitsa ndi 5 mutulutsa mamita 15, n'kuona ngati mwatha. Koma pakatha maola 6 madzi adzakhala mamita 5, ndipo tcheni amachokera pamphuno ya boti, yomwe ili mamita 1.2 pamwamba pa madzi. Kuya kwenikweni ndi mamita 6.2. Tcheni wanu wa mamita 15 ndiye kuti sakufika ngakhale katatu, ndipo nangula adzazuka nthawi yomwe madzi akuthamanga. Woyenera ndi mamita 31, kapena 43 ngati nyengo ikukayikitsa. Masamu achiwiri ndi otembenuza: mukafika madzi atadzaza, chotsani mamita 2 pa zomwe makina akuonetsa kuti muone ngati mudzayandamabe akaphwa.

Boti lomwe lili pa nangula lili ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: imazungulira paliponse pomwe chingwe chikufika, ndipo womanga amayang'ana bwalo lonselo, osati pomwe mbuzi yaima panthawiyo. Tcheni wa mamita 31 ndi boti la mamita 12 zimapanga bwalo la mamita oposa 40 mbali iliyonse, ndipo madzi akaphwa bwalolo limakula chifukwa tcheni watsala wambiri. M'bwalo lonselo musakhale mchenga wosaya, boti lina kapena njira ya sitima yonyamula alendo.

Kaponyedwe kake ndi aka. Lozetsani mphuno kumene madzi akuchokera, osati kumene mphepo ikuchokera, chifukwa kuno madzi ndiwo amalamula kagonedwe ka boti lokhala ndi chitsulo pansi. Imani, tsitsani nangula mpaka akhudze pansi, kenaka tulutsani tcheni pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo, kuti asaunjikane pamwamba pa nangula. M'matope ofewa mupatseni mphindi zingapo kuti amire yekha musanamukoke. Kenaka ikani injini m'mbuyo, kuyamba pang'ono, n'kumawonjezera mpaka theka la mphamvu yake. Sankhani zinthu ziwiri pamtunda zoimirira mzere umodzi, mtengo wapafupi ndi wina wakutali. Zikamasiyana ndiye kuti mukukhukhuluzika. Dzanja nalo limauza: tcheni wa nangula wogwira amakhala ali nji, pomwe wa nangula wokhukhuluzika amanjenjemera. Pomaliza kolekani chingwe cha nayiloni cha mamita 5 mpaka 10 pa tcheni n'kuchimanga pamphuno, kuti chizilandira kugwedeza kwa mafunde m'malo mwa makina okokera nangula. Usiku nyali yoyera yooneka mbali zonse iyake, ndipo alamu ya GPS itcheredwe kuchokera pomwe nangula anagwera, osati pomwe boti laima.

Mayeso enieni amabwera madzi akatembenuka. Boti limapita mbali ina, nangula amakokedwa chobwerera, ndipo ayenera kutembenuka m'matope kapena kuzuka n'kukumbanso. Anangula a mano awiri afulati, a mtundu wa Danforth, amagwira kwambiri akamakokedwa mbali imodzi, koma potembenuka tcheni amatha kuwakola kapena chigoba cha nkhono kutsekereza mano, osakumbanso. Amakono monga Rocna, Mantus ndi Spade anapangidwa kuti azikumbanso msanga, ngakhale nawonso matope akamatirira amatha kulephera. N'chifukwa chake ozolowera satsikira kumtunda asanaone kutembenuka koyamba ali m'boti.

Chovuta china ndi mphepo yolimbana ndi madzi. Madzi amagwira boti kumunsi, mphepo n'kumalikankha kumtunda, ndipo limayamba kuyenda lokha pamwamba pa nangula wake, tcheni akukhula m'mimba mwake. Ngati ndi chingwe, chimatha kuzengereza chitsulo chapansi n'kuduka. Maboti osiyana kapangidwe amagonanso mosiyana panthawi yotere: la injini lopanda chitsulo chakuya limamvera mphepo, la matanga limamvera madzi, ndipo awiri omwe anali otalikirana madzulo amapezeka akugundana pakati pa usiku. Ena amaponya anangula awiri, wina kumtunda wina kumunsi kwa mtsinje, kuti bwalo lichepe. Zimathandiza m'mitsinje yopapatiza, koma zingwe zimapotana tsiku lililonse, ndipo ngati anzanu onse ali pa nangula mmodzi, inu ndinu amene mwasanduka chopinga.

Kutsikira kumtunda

Boti lalikulu limatsala pa nangula, anthu n'kupita kumtunda pa kaboti kakang'ono, kawirikawiri kopopa mpweya, kokhala ndi injini yakumbuyo. Ku Sea Camp kuli mbali ya doko yomwe timaboti totere timaloledwa kumangapo masana okha, ndipo malo a sitima yonyamula alendo yochokera ku tauni ya St. Marys sayenera kutsekedwa. Doko loyandama ndi labwino chifukwa limakwera ndi kutsika limodzi ndi madzi. Mukamanga pa chinthu chosayandama ndi chingwe chachifupi, mudzapeza kaboti kali lende m'mwamba kapena katakanikizidwa pansi pa matabwa.

Kukocheza pagombe la kudambo ndi nkhani ina. Matope ake amameza mwendo mpaka m'bondo ndi kulanda nsapato, ndipo milu ya nkhono za oyster ndi yakuthwa ngati lumo, imang'amba kaboti ndi mapazi omwe. Kaboti komwe mwakasiya m'mphepete mwa madzi akutsika mudzakapeza patali ndi madzi, pakati pali matope okhaokha. M'kabotimo musasowe nkhafi, kanangula kakang'ono, majekete oyandamitsa, tochi ndi wailesi ya m'manja, chifukwa injini ikazima madzi akutuluka, kupalasa kaboti kopopa molimbana nawo ndi kutaya mphamvu chabe.

Pachilumbapo palibe sitolo ndipo palibe nkhokwe za zinyalala. Chakudya mumabwera nacho, zinyalala mumabwerera nazo. Pali ndalama yolowera imene aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amalipira, ngakhale wabwera pa boti lake. Kuchokera pa doko la Sea Camp kukafika kunyanja ndi mtunda wosakwana kilomita imodzi, kudutsa pansi pa mitengo ya live oak, yomwe nthambi zake zimapindika mpaka kukhudza pansi, ndele zotuwa zili lendelende. Potulukira, mphepo yamchere yameta nsonga za mitengo mopendekera ngati denga. Pa milu ya mchenga yendani pa matabwa oikidwa okhawo, chifukwa udzu ukafa ndi mapazi, mphepo imaboola muluwo. M'tchire muli nkhupakupa ndi njoka zaululu, m'maiwe muli ng'ona, ndipo madzulo kukakhala bata tintchentche toluma tomwe timadutsa pa neti wamba timathamangitsa anthu. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala akamba a m'nyanja amaikira mazira ndipo ana awo amaswa, choncho tochi yowala zoyera pagombe usiku imawasocheretsa.

Madzi, magetsi ndi chimbudzi

Chimene chimachotsa anthu pamalo okongola chotere nthawi zambiri si nyengo, koma thanki. Boti la mamita 12 limanyamula malita 300 mpaka 500 a madzi akumwa, ndipo anthu awiri osamala amagwiritsa ntchito malita 20 mpaka 30 patsiku. Makina osandutsa madzi amchere kukhala akumwa savutika panyanja yoyera, koma kuseri kwa chilumba madzi ndi odzaza ndi matope ndipo zosefera zimatsekeka msanga. Firiji ndiyo imadya magetsi kwambiri, ndipo mu Disembala dzuwa limakhala lotsika, moti sola yomwe inkakwanira mu Juni imaperewera. Mabatire a mtovu akamatsitsidwa kupitirira theka kawirikawiri amafa msanga.

Chimbudzi ndicho chimadula ulendo. Lamulo la United States limaletsa kutaya zonyansa zosathiridwa mankhwala mkati mwa mamailosi 3 a panyanja kuchokera kugombe, ndiye zonse zimapita mu thanki yosungira, yomwe pa anthu awiri imadzaza pasanathe mlungu. Kukapopetsa n'kumadoko a maboti, monga ku Fernandina Beach tsidya la Florida.

Palinso inshuwalansi. Nyengo ya anamondwe pa Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo makampani ambiri amalemba kuti boti lisapitirire malire a Georgia ndi Florida tsiku loikika lisanakwane, kawirikawiri 1 Novembala. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene maboti amaunjikanira ku Cumberland ndi ku St. Marys nthawi imeneyo, kudikira kalendala.

Chilumba cha eni ambiri

Anthu oyamba kudziwika pachilumbachi anali a Mocama, nthambi ya a Timucua, eni nthaka a ku America, ndipo mu 1587 ansembe a ku Spain anamangapo mishoni ya San Pedro. Dzina la Cumberland linabwera m'zaka za m'ma 1730, nthawi ya James Oglethorpe, Mngelezi amene anayambitsa dera la atsamunda la Georgia. Kenaka panabwera minda ya thonje yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa. Ukapolo utatha, ena mwa omasulidwa anakhazikika kumpoto kwa chilumbachi, ndipo mu 1893 anayambitsa mpingo wa First African Baptist. Kachalichi kamatabwa komwe kalipo lero kanamangidwa mu 1937.

M'zaka za m'ma 1880 Thomas Carnegie, mng'ono wake wa mpondamatiki wa zitsulo Andrew Carnegie, anagula malo kum'mwera n'kumanga chinyumba cha Dungeness. Iye anamwalira mu 1886, ndipo mkazi wake Lucy ndiye anakulitsa malowo mpaka banjali linatenga gawo lalikulu la chilumba. Plum Orchard inamangidwa mu 1898. Dungeness inapsa mu 1959, ndipo makoma ake ndi machumuni ndizo alendo amakaona, mahatchi akudya udzu pomwe panali bwalo la maluwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Charles Fraser, yemwe anamanga malo a alendo pa chilumba cha Hilton Head ku South Carolina, anagula malo pano kuti achitenso chimodzimodzi. Kulimbana ndi mapulani akewo ndiko kunafulumizitsa kuti mu 1972 chilumbachi chikhale malo otetezedwa pansi pa National Park Service, bungwe la boma loyang'anira malo otere, ndipo mu 1982 gawo la kumpoto linaikidwa kukhala chipululu chosakhudzidwa. Komabe malo ena akadali a anthu, ndiye mlendo akaona chikwangwani choletsa kulowa, n'chenicheni.

Mafunso amene sanayankhidwe

La mahatchi ndilo lotentha kwambiri. Alipo pafupifupi 150, ndipo palibe amene amawadyetsa, kuwamwetsa kapena kuwapatsa mankhwala. Alendo amauzidwa kutalikirana nawo mamita 15 chifukwa amaluma ndi kuponda. Akatswiri a zachilengedwe amati si nyama za pachilumbapo, amadya ndi kupondereza udzu wa m'dambo ndi wogwira milu ya mchenga. Ena omvera chisoni nyama amati mahatchiwo akuvutika ndi njala ndi matenda, ndipo mu 2023 nkhaniyi inafika kukhoti. Mbali inayo imati akhalapo mibadwo yambiri, ndi gawo la mbiri ya chilumba, ndiponso ndiwo amakoka alendo omwe amadyetsa tauni ya St. Marys. Kuwachotsa, kuchepetsa kuswana kwawo kapena kuwasiya, palibe njira imene mbali zonse zavomereza.

Lachiwiri ndi chiwerengero cha alendo. Kwa zaka zambiri malire akhala anthu pafupifupi 300 patsiku, ndipo amatsatidwa kudzera m'matikiti a sitima. Mu 2022 oyang'anira malowa anatulutsa ganizo lokweza chiwerengerochi. Ena anati malo a boma ayenera kufikiridwa ndi anthu ambiri, osati okhawo okhala ndi maboti kapena ndalama, ena anati bata ndilo chuma cha chilumbachi. Obwera pa maboti awo, omwe sadutsa pa tikiti ya sitima, adzawerengedwa motani?

Lachitatu ndi ufulu woponya nangula. Mu 2019 nyumba ya malamulo ya Georgia inakhazikitsa lamulo la HB 201, ndipo malangizo otsatira analetsa kugona pa nangula mkati mwa mamita pafupifupi 300 kuchokera pa doko lililonse, zomwe zinatseka malo ambiri oimapo. A maboti anadandaula, ndipo mu 2020 lamulo la HB 833 linatsitsa mtundawo kufika mamita 46 kuchokera pa doko wamba, 91 kuchokera pa doko la malonda la maboti, ndi 152 kuchokera pa malo oweta nkhono, ndipo wofuna kukhalitsa malo amodzi kuposa masiku 14 ayenera kutenga chilolezo. Eni nyumba za m'mphepete amanena za maboti osiyidwa omwe amamira n'kutsalira boma kuti liwachotse. Apaulendo amati madzi ndi a anthu onse, ndipo sayenera kulangidwa chifukwa cha zolakwa za ena. Mkangano womwewu ukupitirira ku Florida.

Chomaliza ndi nyanja yeniyeniyo. Choyezera madzi cha ku Fort Pulaski pafupi ndi Savannah, chomwe chakhala chikulemba kuyambira 1935, chimaonetsa kuti nyanja ikukwera mamilimita oposa 3 pachaka. Chilumba cha mchenga chosamangidwapo chimatha kusunthira kumtunda, ndipo dambo limatha kukwera ngati likulandira matope okwanira. Kodi madambo a Georgia adzakwera mofanana ndi liwiro la madzi? Nanga madoko, misewu ndi mabwinja a Dungeness, omwe sangasunthe, atetezedwe ndi makoma kapena asiyidwe? Ndipo ndani adzalipire kukumba njira ya kuseri chaka ndi chaka, pamene sitima za katundu zomwe anaikumbira zinachepa, n'kutsala makamaka maboti a anthu apaulendo?